Thamangani Inuyo, Asathamange Magazi

Juni uja wafika ndi nkhanza zake. Madzi a m'ndowa akuluma zala, milomo yasweka, ana atuwa mbuu ngati agona paphulusa, ndipo tambala akalira aliyense akungokokera bulangete kumutu. Lero nkhani ya mitengo ya fodya ndaiika kaye pambali. Ndikufuna tikambirane za anyamata ndi atsikana ochepa aja amene amathamanga m'mawa mumsewu kuzizira konseku, komanso mawu amene timawaponyera akamadutsa.

Mawuwo mukuwadziwa. "Akukuthamangitsa ndani?" "Wasowa ntchito eti? Bwera uzandithandize kudinda mabelo." "Ameneyu chamba chamulowa basi." Amayi achifundo ndiye amati, "Mwana iwe ulowedwa chibayo, bwerera ukawothe moto." Ine maganizo anga ndinena mosapsatira. Anawa akuchita bwino. Nyengo yabwino yothamanga kuno kwathu ndi ino yomwe ya chisanu. Ndipo ife akuluakulu amene tikuwasekafe ndi amene tikufunika kuthamangako kuposa iwowo.

Tiyambe ndi chibayocho, popeza ndi chimene chimaopsa makolo. Chibayo ndi chimfine zimabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timachoka kwa munthu wodwala akamatsokomola kapena kuyetsemula. N'chifukwa chake boma linayamba kubaya ana katemera wa chibayo mu 2011. Chikanakhala kuti chimabwera ndi mphepo, bwenzi akugawa mabulangete m'malo mwa jakisoni. N'zoona kuti anthu amadwala chimfine kwambiri mu Juni ndi Julayi, koma taonani mmene timakhalira miyezi imeneyi. Timadzitsekera tonse m'kanyumba kamodzi, mawindo tatseka ndi masaka, moto uli pakati, utsi uli tolo, wina akukhosomola pomwepo. Kachilombo kakufunanso chiyani? Amene ali panja pamsewu yekhayekha akupuma mpweya wabwino kuposa ife amene taunjikana pa mbaula. Ndipo mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha ndithu, chifukwa imatulutsa mpweya woipa wosanunkha, munthu amangogona osadzukanso. Imeneyo sitiiopa, koma tikuopa mame.

Ndikufunseninso ichi. Amayi athu ndi ana athu aakazi amalawirira ku mjigo nkhuku zisanatsike, chitenje chimodzi paphewa, ena opanda nsapato, madzi ozizira akutayikira kumsana. Ndani anawaletsapo kuti alowedwa chibayo? Ana a sukulu amaponda mame m'dambo tsiku lililonse. Wopita ku maliro kutali amadzuka 4 koloko. Onsewa timati ndi moyo. Koma munthu akangotuluka nthawi yomweyo kuti akalimbitse thupi lake, pompo tonse tasanduka madokotala.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikuti chisanu ndi bwenzi la wothamanga? Pitani ku chigayo cha dizilo mukaone. Injini ija ikamalira imatentha, ndipo pambali pake pamakhala mgolo wa madzi oiziziritsa. Madziwo akatha, injini imafa. Thupi la munthu ndi chimodzimodzi. Ukamathamanga, mphamvu zambiri zimene thupi likuwotcha zimasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Kunja kukazizira, kumatuluka mosavuta. Kunja kukatentha, mtima umagwira ntchito ziwiri, kutumiza magazi ku miyendo komanso kukhungu kuti uzizire, thukuta limachuluka, madzi m'thupi amatha. Yesani kuthamanga mu Okutobala dzuwa lili pa madigiri 30 kupita m'tsogolo, mudzandiuza. M'mawa wa Juni kuno kumakhala cha m'ma madigiri 10, kudambo kumatsikirako pang'ono. Kwa munthu amene wakhala pansi kumeneko n'kuzizira koopsa. Kwa munthu wothamanga, pakangotha mphindi khumi juzi ija amaivula n'kuimanga m'chiuno.

Akatswiri amadziwa zimenezi. Eliud Kipchoge wa ku Kenya atafuna kuthamanga makilomita 42 pasanathe maola awiri, anthu ake anafufuza malo ndi tsiku lozizira. Anasankha mzinda wa Vienna, m'mawa wa pa 12 Okutobala 2019, kunja kuli pafupifupi madigiri 10, ndipo anamaliza pa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40. Mwamva? Nyengo imene bwana ameneyu anakaisaka ku Ulaya ndi ndalama zambirimbiri, ife Mulungu amatipatsa ulere miyezi iwiri yathunthu chaka chilichonse, koma timaithera m'bulangete. Ku Kenya komweko kuli katauni kotchedwa Iten, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pa nyanja yamchere, komwe m'mawa kumazizira kwabasi. Anthu mazanamazana amathamanga kumeneko mbandakucha m'misewu yafumbi ngati yathu yomweyi, ambiri ndi ana a alimi. Palibe amawafunsa kuti akuthamangitsidwa ndi ndani, chifukwa mudzi wonse unaona nyumba zamalata zimene miyendo inamanga. Ifenso chigwa chathu cha Kasungu chino chili pamwamba, kuposa mamita 1,000, ndipo misewu yake ndi yosalala bwino, yopanda zitunda zothyola msana.

Inu a ku Joni ndinu mboni. Kumeneko chisanu chake si chamasewera, mpaka pa 10 Julayi 2023 ku Johannesburg kunagwa chipale chofewa. Koma mpikisano wawo waukulu wa Comrades, umene unayamba mu 1921, amauchita nthawi yachisanu yomweyi, kawirikawiri mu Juni. Anthu masauzande amanyamuka m'mawa kuli mdima, kuthamanga makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, ndipo amapatsidwa maola 12 kuti amalize. Mnzathu wa ku Zimbabwe, Stephen Muzhingi, anapambana mpikisano umenewu katatu motsatizana, mu 2009, 2010 ndi 2011.

Musati ndi za kunja zokha. Ku Mulanje kuli mpikisano wa Porters Race umene umachitika mu Julayi, nthawi ya chiperoni. Amayambira pa Likhubula, kukwera phiri kukafika ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, pamiyala yoterera. Unayamba ngati mpikisano wa anyamata onyamulira alendo katundu m'phirimo, anthu wamba ngati ife. Edson Kumwamba anayambira kumeneko, kenako anakatchuka ku Cape Town ndi maiko ena pa mipikisano ya m'mapiri. Tereza Master, wa ku Mulanje komweko, anakafika ku Olimpiki ya ku Rio mu 2016. Catherine Chikwakwa anatibweretsera mendulo ya siliva pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Italy mu 2004. Onsewa ndi Amalawi, anakula ndi nsima yomweyi. Kodi ku Kasungu kuno amayi sabereka ana amiyendo? Amabereka. Koma mwana akayesa kawiri katatu n'kumangomva kuti wapenga, amasiya. M'mera mpoyamba, ndipo ife mbewu timaiponda isanatuluke n'komwe.

Ndikudziwa chimene alimi anzanga mukunena mumtima. Mukuti, "Ife khasu ndiye masewera athu. Zothamangazo ndi za mabwana a ku Area 47 amene amakhala pampando tsiku lonse." Mawu amenewa ali ndi nzeru, sindikuwataya. Kuyambira Okutobala mpaka Epulo mlimi wa fodya safunika wina womuuza kuti alimbitse thupi. Kuthirira nazale ndi makheni, kupanga mizere, kuwokera, kupalira, kubandira, kuthyola, kusenza kupita ku chigafa, zimenezo ndi jimu yokwana. Koma tiyeni tinene chilungamo za Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti. Miyezi imeneyi timakhala pansi m'shedi kusankha fodya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, msana uli chopindika, fumbi la fodya likulowa m'chifuwa. Mabelo akapita ku Chinkhoma, ntchito yatsala ndi yodikira meseji pafoni. Ndalama ikalowa, njinga yakapalasa timaipachika, paliponse ndi kabaza wa njinga yamoto, ngakhale pokagula mchere. Pa tiredingi ndi kanyenya wa nkhumba, tchipisi cha mafuta obwereza, zakumwa za shuga, mowa, bawo mpaka madzulo. Amene zinthu zawayendera n'kulemba matenanti ndi aganyu, khasu analisiya kalekale, amalima ndi chala. Ndiye tisamabisale kumbuyo kwa khasu limene lili pakona likuchita dzimbiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anachita kafukufuku m'dziko muno pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kumudzi ndi m'tauni momwe, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. BP siipweteka, siichenjeza. Munthu amaoneka wonenepa bwino, anthu n'kumati fodya wamuyanja, tsiku lina wangogwa kubafa, pakamwa papotoka, mkono ndi mwendo zafa. Tikatero timayamba kusakana. Timaloza agogo osalakwa, timatha mbuzi kwa asing'anga, mabanja amadana mpaka kumanda. Aliyense wa ife akudziwa khomo limene izi zinachitika. Chinenero chathu chomwechi chinatipatsa kale chenjezo: ukakana kuthamanga iwe, adzathamanga ndi magazi ako.

Sindikunena kuti kuthamanga ndi mankhwala a zonse. Mchere wambiri, mowa, kusuta ndi mtundu wa kubanja zilinso ndi mbali yake, ndipo amene anapatsidwa mapilitsi a BP asasiye kumwa ati chifukwa ayamba kuthamanga. Koma a WHO amalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mpaka kupuma mofulumirirako kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ndi mphindi 30 zokha pa tsiku, masiku asanu. Gemu imodzi ya bawo imatha nthawi yoposa pamenepo.

Ena akuti, "Kuthamanga kumadyetsa nsima yambiri, mwana ameneyu atithera ufa." Zoona, wothamanga amadya. Ife a ku Kasungu njala timaidziwa, 2002 sitinaiiwale, ndipo ine sindingauze munthu kuti azithamanga mu Febuluwale m'mimba muli gwaa. Koma n'chifukwa chakenso ndikuti nyengo yake ndi ino. Chimanga chili m'nkhokwe, mbatata zili mbwee, mtedza wauma, maungu alipo, nzimbe zili pamsika. Chaka chonse palibe nthawi ina imene chakudya, mpata ndi kuzizira zimakumana pamodzi ngati pano. Ndipo mnyamata amene akudziwa kuti mawa alawirira kukathamanga sachezera ku shabini. Werengerani nokha chimene chimatha ndalama pakhomo, mbale yoonjezera ya nsima kapena timabotolo tija. Enanso mwa anawa ali ndi cholinga. Wofuna usilikali amakayesedwa kuthamanga, ndipo wosakonzekera amabwerera pa tsiku loyamba. Ena akukonzekera mabonanza a mpira ndi netibo amene amadzaza mabwalo athu chilimwe chino.

Tsopano ndinene zimene ziyenera kutiopsa zenizeni, chifukwa zilipo, ndipo si mphepo ayi.

Choyamba ndi ife anthu. Munthu wothamanga mumdima kumudzi timamuona ngati wakuba, makamaka nyengo ino imene m'mashedi muli mabelo ndipo m'nyumba muli ndalama. Wina akangokuwa kuti "Wakubaaa!" palibe amafunsa dzina, aliyense amatola chibonga. Tikukumbuka za 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa, ndipo mu 2020 mphekesera zomwezo zinafika kuno ku chigawo chapakati. Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa ndikaona mwana akuthamanga yekha kusanache. Ndiye anyamata inu, ndikupempheni. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko. Dikirani kuyere mpaka munthu azitha kuzindikira nkhope. Thamangani awiri, atatu kapena kuposa, liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Kauzeni a mfumu ndi achitetezo cha m'mudzi njira imene mumadutsa. Muzipereka moni kwa aliyense amene mwakumana naye, wakuba sapereka moni. Musadutse kuseri kwa zigafa ndi makola a anthu. Ndipo inu a mfumu, mawu amodzi okha pa msonkhano kapena pa maliro akuti "ana akuthamangawa ndi athu, ndikuwadziwa" angapulumutse moyo.

Chachiwiri ndi agalu. Galu akaona munthu akuthamanga amamulondola. Osapikisana naye, imani, muyang'anizane naye, muchoke pang'onopang'ono. Akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonekera sichichizika. Eni agalu, katemera akabwera muzipita nawo.

Chachitatu ndi msewu. M'mawa ndi nthawi ya malole a mabelo ndi njinga zamoto, zina zopanda nyali, ndipo fumbi likakwera dalaivala saona patali. Thamangani kudzanja lamanja kuti muziyang'anizana ndi galimoto imene ikubwera. Valani chowala, choyera kapena chachikasu. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kunyumba.

Chisanu nachonso chili ndi malamulo ake, tisachite matama. Thupi lozizira lili ngati mphira wa legeni umene wagona panja, ukaukoka mwadzidzidzi umaduka. Yambani ndi kuyenda ndawala mphindi zisanu kapena khumi, kenako kathamangeni pang'onopang'ono. Musavale chijasi cholemera, valani malaya awiri opepuka kuti lina muvule mukatenthedwa. Zimene zimavutika ndi zala ndi makutu, ndiye kachipewa ka ulusi ndi sokosi zakale m'manja zimakwana, osafuna magolovesi a mushopu. Pakani mafuta pamilomo ndi kuzidendene. Mukamaliza musaime pamphepo ndi malaya onyowa n'kumacheza, pamenepo ndiye thupi limazizidwa zenizeni. Kasintheni msanga, mumwe madzi ngakhale ludzu simukulimva, chifukwa mpweya wa nyengo ino ndi wouma, kenako phala kapena mbatata.

Amene muli ndi mphumu, mpweya wozizira ndi wouma umatha kutsekereza chifuwa, ndiye dikirani dzuwa likwere, muphimbe pakamwa ndi kansalu, mankhwala anu akhale m'thumba. Amene mukumva malungo kapena thupi latentha, gonani, msewu suthawa. Ndipo ife a zaka 40 kupita m'tsogolo, makamaka onenepa, a shuga ndi a BP, tiyambe tapita kuchipatala akatiyeze, chifukwa kuzizira kumafinya mitsempha ndipo magazi amakwererako. Tikatero tiyambe ndi kuyenda mofulumira, osati liwiro. Sabata yoyamba kuyenda basi. Yachiwiri, kuthamanga kuchoka pa mtengo uwu kufika pa mtengo uwo, n'kuyendanso. Muyezo wake ndi wosavuta: ngati mukutha kulankhula ndi mnzanu mukuthamanga, muli bwino, ngati mawu akukanika, chepetsani. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda modumphadumpha, imani pomwepo ndipo mukaonane ndi adokotala. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mawu apadera kwa makolo a ana aakazi. Mtsikana akathamanga timamunena kawiri, kuti wapenga komanso kuti alibe mwambo. Ena mpaka amati sadzabereka. Limenelo ndi bodza, akatswiri ambiri aakazi a ku Kenya ndi Ethiopia ndi amayi a ana, ena anabwerera kukapambana atabereka kale. Chimene mtsikana akufunika ndi chitetezo. Athamange ndi anzake kapena ndi alongo ake, kutayera, njira yodziwika. Ndipo ntchito za m'mawa tizigawana. Mnyamata atatunga madzi tsiku limodzi kuti mlongo wake akathamange, manja sangathothoke. Abambo amene mumaima pa tiredingi n'kumaponya mawu otukwana kwa ana a eni ake, dziwani kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Inu achimwene ndi achemwali a m'tauni, timakuonani pa Facebook Loweruka m'mawa, mwavala zothina, wotchi yowerenga mapazi ili pamkono, mwajambulitsa pafupi ndi Bingu Stadium. Zikukhalani, pitirizani. Koma pansi pa bedi panu pali nsapato zothamangira zimene munazitopa nazo, zikadali zolimba. Mukamabwera ku maliro kapena ku ukwati, ziponyeni m'chikwama. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana Olimpiki ya ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, n'zoona, koma kuno tili ndi minga, ziputu ndi mabotolo osweka, ndipo za pa kaunjika mitengo yake mukuidziwa. Komanso mukabwera kumudzi, musamangogona mpaka 9 koloko. Tulukani muthamange ndi anawa tsiku limodzi. Anthu akaona kuti bwana wa ku Lilongwe uja nayenso akuthamanga, kuseka kuja kudzachepa, mukudziwa mmene timalemekezera zobwera ndi galimoto.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa mafumu, aphunzitsi a masewera, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi makalabu athu a fodya. Pa 6 Julayi timakumbukira ufulu wa dziko lathu, ndipo tsikuli limagwa pakatikati pa chisanu. Chingatilepheretse n'chiyani kukonza mpikisano wathuwathu wa makilomita 5 kapena 10, kuyambira pa tiredingi 7 koloko m'mawa, wa anyamata, wa atsikana, ndi wa ife a imvi woyenda ndawala? Mphoto isachite kukhala yaikulu. Kalabu iliyonse itapereka ndowa ya mtedza kapena nkhuku, zakwana. Tipemphe azaumoyo abwere ndi makina oyezera BP aike tebulo pomalizira, aliyense wobwera kudzaonerera ayezedwe. Ndikukuuzani, tsiku limenelo lokha tidzapeza anthu amene akuyenda ndi imfa m'mitsempha osadziwa. Ndipo mwina pakati pa ana opanda nsapato amene adzathamange, padzapezeka mmodzi woti chaka chamawa tidzamusonkhere thiransipoti ya ku Likhubula.

Amene simukugwirizana nane nenani, tikambirane bwinobwino popanda kutukwanana. Koma mawa m'mawa mwana wa mnzanu akadutsa pakhomo panu akuthamanga, nthunzi ikutuluka m'kamwa, ngati simungathe kumutsatira, ingomuuzani kuti "Limbikira mwanawe." Sizilira ndalama.

Ndatha ine mlimi mnzanu wa ku Chamama.